Mkamwini wa Thonje M'makutu

Chezi, Dowa
8 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene a Yeremiya,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tilipo, kungoti dzuwa lakula ndipo chitsime cha kudimba chayamba kuphwa.

Iyi ndi kalata yachitatu. Ziwiri zija simunayankhe, nambala ya foni mumasintha ngati malaya, ndiye ndapatsanso a Vinsenti a thiraki kuti akupatseni m'manja. Muwerenge mutakhala pansi.

Mwana wanga Tamandani wapeza banja. Mnyamatayo dzina lake ndi Elisha, wa ku Ntchisi, kuseri kwa phiri. Amalima fodya ndi atsibweni ake a Andireya, ndipo m'chilimwe amanyamula anthu pa njinga yamoto. Samwa, amapemphera, ndipo akamafika pakhomo pano chipewa amavulira kumsewu.

A Andireya abwera kawiri. Ulendo woyamba anafunsa kuti mwini mbumba ndani. Ndinati ali ku Joni. Ulendo wachiwiri anafunsa kuti nanga mwini mbumbayo wati chiyani. Ndinangoyang'ana pansi ngati ndataya singano. Inu mukudziwa kuti m'mimba mwa amayi tinatsala awiri, ine ndi inu. Ine sindingakhale nkhoswe ya mwana wobala ndekha. Nkhoswe ndinu, mufune musafune.

Tapangana kuti chinkhoswe chikhale Loweruka pa 2 Novembala, mvula isanagwe, anthu asanatanganidwe ndi kuwoka fodya. Sindikupempha shuga, sindikupempha bulangeti. Ndikupempha mawu anu, ndi thupi lanu pa tsikulo. Zaka zisanu ndi zinayi osaponda kwanu zakwana.

Ndine mlongo wanu,
Sabina

Jubeki
19 Seputembala 2024

Achemwali anga a Sabina, eni ake a ukali,

Moni kwa inu, kwa Tamandani, kwa mbuzi zonse, ndi kwa aliyense amene akundikumbukira pa Chezi, kutanthauza anthu onse. Ine ndili bwino kwambiri, moti udzudzu ukandiluma ndi umene umapita kuchipatala.

Mwati zaka zisanu ndi zinayi? Ine ndimaona ngati ndinachoka dzana. Munthu wofunika sawerenga masiku. Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pabwalo la mpikisano wa magalimoto, ndipo pa 18 mpaka pa 20 Okutobala kuli mpikisano waukulu wa masiku atatu. Popanda ine bwalo limenelo silingaoneke bwalo. Ndine woyamba kulowa, womaliza kutuluka. Azungu akandiona ndikubwera amakweza miyendo kuti ndidutse.

Tsono mwati mkamwini wake ndi wa kabaza? Ndaseka mpaka a Vinsenti anandipatsa madzi. Achemwali, magalimoto a kuno atati anyamuke pa Chezi angafike ku Salima inu musanamalize kusenda nthochi, n'kubwerera kudzakufunsani ngati ili yakupsa. Ndiye munthu wa njinga yolira ngati chigayo chodwala akufuna mbumba yanga? Abwere kuno adzandione ndi maso, adzaone chimene chimatchedwa liwiro, ndiye tikambe za Tamandani. Mwamuna weniweni saopa malire.

Ndipo kuti asadzanene kuti sindinamulangize, nawa malangizo, aulere.

Pasipoti aisunge m'thumba la m'kati, osati la kumbuyo. Kuno kuli anyamata a zala zofewa, amakuvula sokosi nsapato ili kuphazi. Tikiti agule ya masiku onse atatu, pakhomo lenileni, asagule kwa munthu woima pamsewu ngakhale atavala tayi. Lachisanu amangoyeserera, Loweruka amalimbirana malo oyambira, Lamulungu ndiye nkhondo yake.

Afike m'bandakucha. Wofika dzuwa litakwera amathera pamzere, mpikisano n'kumaumvera patali ngati maliro a mudzi wina. Asakhale moyang'anana ndi msewu wowongoka. Pamenepo pamakhala anthu olemera osadziwa kanthu, amangoona utoto ukudutsa mpaka khosi kupindika. Akwere kachitunda kamene kali pakona yakuthwa, kumunsi kwa bwalo. Pamenepo magalimoto amachepetsa liwiro, amakankhana, ena amapota ngati nguli. Akapeza malo asachoke ngakhale njoka itamudutsa pamwendo. Ukangonyamuka, malo apita.

Avale chipewa chachikulu cha mlaza chifukwa mthunzi kulibe, ndipo dzuwa la kuno limasenda mphuno ngati mbatata yowotcha. Atengenso pulasitiki yofunda, poti mvula ya kuno imagwa masana osaodira. Madzi atengere m'botolo la pulasitiki, lagalasi amalanda pakhomo. Chakudya cha m'katimo asachiyang'ane n'komwe, soseji imodzi ndi mtengo wa mbuzi ya bere, ndiye akazinge mtedza wake wa ku Ntchisi. Kuchimbudzi apite mpikisano usanayambe. Pakati pake mzere umafika ku Mponela.

Chachikulu ndi makutu. Atseke ndi thonje, lambiri, kuyambira polowa mpaka potuluka, ndipo asachotse ngakhale wina amulankhule. Ndinaona munthu wina wa ku Zambia amene anachotsa kuti amve mnzake. Mpaka lero akuyankhabe mafunso a chaka chatha.

Mpanda wa waya asaugwire, asaudumphe, ngakhale tayala litagwera pafupi n'kumaoneka lamasiye. Lili ndi eni ake. Mbendera yachikasu ikakwezedwa ndiye kuti kutsogolo kwachitika ngozi. Akhale pansi, asathamangireko ngati mmene timachitira kwathu minibasi ikagwa. Yofiira ndiye kuti aimitsa zonse. Ya mawanga akuda ndi oyera ndiye kuti zatha, aombe m'manja. Zinyalala asataye pansi. Pa chimenecho chokha ndingamumenye ndi manja anga.

Akafika angonena pakhomo kuti akufuna Yeremiya. Ngakhale agalu a alonda amandidziwa.

Kalatayi musaibise pansi pa mphasa ngati mmene mumachitira. Muwerengere anthu onse, ngakhale a ku Ntchisiwo, adziwe banja limene akulowamo. Za pa 2 Novembala tikamba mpikisano ukatha.

Ndine mkango wanu wa ku Joni,
Yeremiya

Chezi
7 Okutobala 2024

Iwe Yeremiya,

Moni ndikukupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa, osati chifukwa ndikufuna. Ukhale uli bwino kuti umve zimene wachita.

Kalata yako inafika tsiku limene a Andireya anabwera kachitatu, ali ndi akuluakulu ena awiri. Ndinawauza kuti mawu a mwini mbumba afika. Ndinali ndisanaitsegule, poopa kuti anganene kuti ndasinthamo zina. Ndinapatsa Tamandani kuti awerenge pamaso pa onse. Mwana anawerenga za udzudzu, anthu anaseka. Anawerenga za chigayo chodwala, palibe anaseka. Atafika poti abwere adzandione ndi maso, anaima. A Andireya anati, "Pitiriza mwanawe, mawu a atsibweni sadulidwa pakati."

Ndinayesa kuwauza kuti mlongo wanga ndi wanthabwala chibadwire, kuti uli mwana unauza ansembe kuti unapha kambuku ndi legeni. A Andireya anandiyankha ndi ulemu wowawa kuposa mbama. Anati, "Mayi, ife tinafunsa nkhoswe, ndipo nkhoswe yayankha. Wofunsira mbeta amapita kumene kuli mwini mbumba, kaya ndi kuseri kwa phiri kaya ndi kutsidya kwa nyanja. Tikakana lero, mawa mudzati mwana wathu analowera pawindo." Anapempha kalatayo, anaipinda bwinobwino, anapita nayo.

Elisha pasipoti anali nayo kale, ya ulendo wa ku Chipata kokagula zitsulo za njinga. Njingayo waitsekera m'nyumba. Nazale ya fodya, imene imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, wasiyira amayi ake odwala msana. Akukwera basi pa 14. Dzulo anadutsa pano kudzatsanzika, chipewa cha mlaza chachikulu ngati lichero chili m'manja, thumba la mtedza lili paphewa. Thonje wagula pa Dowa boma lokwana kusoka pilo. Malangizo ako wawaloweza ngati katekisimu. Ine sindingaime naye maso ndi maso, ndi mkamwini, ndiye ndinatuma Tamandani kuti akamuletse. Anamuyankha kuti atsibweni akaitana, munthu safunsa ngati akuseka.

Ndiwe munthu wamtundu wanji iwe? Ndinakufunsa mawu amodzi, eya kapena ayi. Wandiyankha za chimbudzi.

Lachisanu pa 18 ukhale pakhomo la bwalo lakolo m'bandakucha umene unanenawo. Umulandire, umuuze kuti wavomera, Lolemba umukweze basi. Mwana wa eni akasowa kumeneko, usadzanditchulenso kuti mlongo.

Sabina

Jubeki
22 Okutobala 2024

Achemwali,

Moni nonse. Mwangoti zii, ndiye ndati ndikupatseni nkhani, poti pa Chezi nkhani yaikulu imakhala ya mbuzi yolowa m'dimba. Mawu anga asasa, bola ndikulemba.

Mpikisano wayenda bwino chifukwa cha ine. Anthu analipo ochuluka kuposa Dowa yense kuphatikizapo akumanda. Loweruka kunagwa matalala ngati mazira a nkhanga. Galimoto ina inapota kasanu ndi kawiri n'kuima moyang'ana kumene inachokera, woyendetsa anatuluka akuyenda ngati akuchokera ku mowa wa masese. Lamulungu phokoso lake linali loti mano ankagwedera okha m'kamwa.

Koma chimene chandiseketsa ndi munthu wina amene anakhala pakachitunda kanga kaja masiku onse atatu. Ndikamafika m'mawa kudzayendera bwalo, iye ali kale pompo, chipewa ngati denga la nkhokwe, thonje likulendewera m'makutu ngati tonde wa ndevu ziwiri. Matalala akugwa anthu onse anathawa, iye anangodzikulunga m'pulasitiki ngati belo la fodya, osasuntha. Makoko a mtedza ankaika m'thumba la malaya. Munthu mmodzi yekha pabwalo lonse amene sanataye kanthu pansi. Ndinamukonda. Nditaona mtedzawo ndinati uyu ndi wakwathu, ndinamupatsa moni m'Chichewa. Anangondiyang'ana n'kukweza miyendo kuti ndidutse. Ndinakuwa kuti kwanu n'kuti, iye n'kunditapira mtedza dzanja limodzi, maso ali kumsewu. Ndinati kaya ndi gonthi, kaya ndi

Ndaima pamenepa. A Vinsenti alowa tsopano lino ndi kalata yanu ya pa 7. Akuti thiraki inawafera ku Tete, akhala kumeneko masiku khumi kudikira chitsulo.

Ndawerenga kawiri.

Achemwali, mwandilakwira. Inde ndinati muwerengere anthu, koma munthu wanzeru amayamba walawa ndiwo asanapatse alendo. Chiyambire liti mawu a Yeremiya kutengedwa ngati a m'Baibulo? Pa Chezi pali ndani amene anandikhulupirirapo? Ngakhale ansembe aja anangondikoka khutu. Anthu a ku Ntchisiwo mitu yawo ndi yolimba ngati miyala ya phiri lawo. Munthu wamoyo angakwere basi masiku awiri, kudutsa malire atatu, chifukwa cha nthabwala? A Andireyawo ndevu zawo n'zantchito yanji? Nanga mnyamatayo bwanji sanachotse thonje pamene munthu wamkulu ankamulankhula? Ndikudziwa chimene muyankhe, musavutike.

Ndimupeza. Jubeki ndi wamkulu koma ine ndimamudziwa ngati dimba la amayi. A Andireya musawauze kanthu. Kalatayi musawerengere munthu.

Yeremiya

Chezi
23 Okutobala 2024

Atsibweni,

Ndine Tamandani. Munandisiya ndili Sitandade 5, mwina nkhope yanga simungaikumbuke. Moni. Amayi akana kulemba, akuti akagwira cholembera aboola pepala. Kalatayi ndapatsa mayi wina wa geni amene akukwera basi mawa.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chichokereni Elisha. Foni yake inazima atangodutsa pa Dedza. Dzulo a Andireya anabwera, anakana mkeka. Anaimirira pabwalo nanena kuti pa 2 Novembala sabwera kudzalandira nkhuku kwa anthu amene ameza mwana wawo. Amayi ake a Elisha sakudya. Nazale yayamba kufota. Ndinafuna kupita kukathirira, amayi andiletsa, akuti mtsikana sathirira fodya wa mudzi umene sunamulandire. Chimera cha thobwa tinayanika kale, ndipo anthu odutsa akufunsa ngati n'cha chinkhoswe kapena cha maliro. Kukwaya anzanga ayamba kunditchula kuti Mayi Liwiro.

Kalata ija ndinaiwerenga ndi pakamwa panga, atsibweni. Munalemba masamba awiri a malangizo, za chipewa, za mbendera, za botolo. Za ine simunafunse kanthu, kaya ndimamufuna, kaya amandilemekeza. Ndikuyankhani ngakhale simunafunse. Ndimamufuna. Ndipo wapita kumeneko osati chifukwa ndi wopusa, koma chifukwa mawu anu anawalemekeza kuposa mmene inu eni ake mumawalemekezera.

Mumubweze.

Ndine mbumba yanu,
Tamandani

Jubeki
24 Okutobala 2024

Wokondedwa Tamandani,

Moni. Ndili moyo. Upereke ulemu wanga kwa amayi, ndipo utume munthu kwathu akanene kuti ndili bwino. Ndikanatha kubwereka foni, koma ndachita manyazi kuimba ndilibe mawu amene ndinadzera. Kalatayi ndapatsa kondakitala wa basi.

Zonse zimene atsibweni ako analemba ndi zoona. Botolo lagalasi amalandadi. Mvula imagwadi osaodira. Pakona paja ndi pabwinodi, ndaona zinthu zoti ndizidzakuuza mpaka tidzakalambe. Chimodzi chokha sichinayende. Pakhomo ndinafunsa za bwana Yeremiya, mkulu wa bwalo, alonda anaseka nati kulibe bwana wa dzina limenelo. Ndinaganiza kuti mwina akundiyesa, akundionera patali ali m'chipinda cha magalasi chapamwamba. Ndiye ndinatsata malangizo onse osaphonya. Pamalo sindinachoke, thonje sindinachotse, mpanda sindinaugwire. Amene anayesa kundilankhula ndi bambo mmodzi yekha wotola zinyalala, wa ovololo yobiriwira, wooneka wotopa kwambiri. Ndinamupatsa mtedza.

Ndikugona kwa anthu a ku Madisi amene amamata matayala pafupi ndi bwalo, ndikuwathandiza ntchito. M'mawa uliwonse ndimapita pakhomo paja kukafunsanso. Sindibwerera popanda mawu a atsibweni, ngakhale zitafika Khirisimasi. Ukamva za nazale usandibisire.

Ndine wako,
Elisha

Chezi
29 Okutobala 2024

Yeremiya,

Moni ulibe lero.

Makalata awiri afika tsiku limodzi, yako ndi ya Elisha. Ndawayala pamphasa moyandikana. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma mtedza umene munthu wina anapereka ndi umene munthu wina analandira ndimatha kuuzindikira.

Ndiye amakweza miyendo kuti udutse. Tsopano ndamva chifukwa chake.

Usaganize kuti ndakwiyira ovololo. Abambo anafera m'munda wa fodya wa munthu wina, sitinachitepo nawo manyazi. Ndakwiya chifukwa mwana wa eni anakhala pamphuno pako masiku atatu, padzuwa ndi pamatalala, akufuna bwana amene kulibe, iwe ukumuseka ndi kumudyera mtedza. Ukanalemba kuyambira kale kuti ndine Yeremiya wotola zinyalala, akanakupeza Lachisanu lomwelo dzuwa lisanatenthe, lero tikanakhala tikusinja chimera ndi nyimbo. Ndiye ukundiuza za kulawa ndiwo? Ndiwo zako ndakhala ndikulawa zaka makumi anayi, sizinapsepo.

Kalata ya Elisha ndaitumiza ku Ntchisi. Amayi ake ayamba kumwa phala. Koma a Andireya abweza mawu akuti pepala si mwana. Akuti akapanda kumuona ndi maso Loweruka lisanafike, tisawayembekezere chaka chino kapena chamawa, ndipo Tamandani apeze wina amene atsibweni ake angamukonde. Mwana wangoti duu kuseri kwa nyumba, salira. Bola akanalira.

Kwatsala masiku anayi. Sindikudziwa ngati kalatayi ikupeze, koma ndikapanda kulemba ndiphulika.

Sabina

Kuseri kwa chigafa cha fodya, Chezi
1 Novembala 2024

Achemwali anga a Sabina,

Moni. Musadabwe ndi adiresi. Kalatayi ilibe sitampa ndipo siidutsa ku Tete. Ndapatsa Elisha kuti apatse Tamandani kuti akupatseni inu, mwa ulemu wake.

Ndamubweretsa. Ali ndi miyendo iwiri, manja awiri, makutu onse akumva. Muwerengeni ziwalo ngati mukukayika.

Ndinamufuna masiku asanu. Ndinapita kokwerera mabasi, kupolisi, kuzipatala zitatu, mpaka kumalo kumene amasunga anthu osadzukanso. Nsapato zinatha, ndinayenda mtunda wokwana kufika ku Dowa ndi kubwerera. Nthawi yonseyo mnyamata ankaima pakhomo lalikulu m'mawa uliwonse. Ine sindinamuone chifukwa anthu a ntchito yanga timalowera khomo la kumbuyo, kumene kumatulukira zinyalala. Ndanena. Ndimatola zinyalala. Mabotolo, mapepala, mafupa a nkhuku, ndi zina zosalembeka. Ndine katswiri wake, palibe wondiposa m'Jubeki yense, koma ntchito yake ndi imeneyo.

Lolemba kapitawo anandituma kukasesa kukhomo lalikulu. Ndinaona chipewa ndisanaone munthu. Anali ataima ndi alonda, iwo akumuseka monga mwa masiku onse, iye akufunsabe mwaulemu ngati bwana Yeremiya abwera lero. Ine ndili ndi thumba la zinyalala kumsana, ndodo ya msomali m'manja. Ndinaima pamenepo nthawi yokwana kupsa nyemba. Ndinaganiza zothamanga kukabwereka suti kwa mnzanga wina wa ku Kasungu, ndidzatulukire ngati ndikuchokera kuofesi. Ndikanatha, achemwali, mukundidziwa. Koma kalata ya Tamandani inali m'thumba la pachifuwa, ndipo mwana ameneyo amalemba ngati akubaya.

Ndinapita. Ndinati, "Iwe, ndiwe Elisha wa ku Ntchisi?"

Anati, "Ndine, bambo. Tinaonana pachitunda paja, si choncho? Kodi inu mungawadziwe bwana Yeremiya?"

Ndinati, "Ndimawadziwa bwino. Ndi munthu wabodza kwambiri, usataye naye nthawi."

Mnyamata anakwiya, maso anafiira. Anati, "Bambo, ndinu wamkulu, koma atsibweni musawanyoze pamaso panga."

Ndinati, "Atsibweniwo ndine."

Anayang'ana ovololo, anayang'ana thumba, anayang'ana ndodo. Ndinadikira kuti aseke, kapena andimenye, zonse ndikanalandira. Iye anavula chipewa, anagwada paphula pomwepo, alonda akuona, magalimoto akudutsa, anaomba m'manja katatu nati, "Atsibweni, ndabwera monga munaitanira. Ndikupempha Tamandani."

Ine amene ndinalankhulapo maola asanu ndi limodzi osameza malovu, ndinangoti, "Dzuka, mwana wanga, tenga." Mlonda wina anafunsa kuti kodi mnyamatayu akupempha ntchito? Ndinati ayi, akupempha chinthu chimene bwalo lanu lonseli silingagule.

Ndiye mawu anga ndi amenewo. Ndavomera. Wa kabaza ameneyu ndi mwamuna kuposa oyendetsa onse amene ndawatolera mabotolo.

Kapitawo anakana kundipatsa tchuthi, ndinamusiyira ovololo yake patebulo. Aona okha mmene bwalo limire m'zinyalala pofika Khirisimasi. Ndabwera ndi chikwama chimodzi, mulibe mphatso ya munthu. M'basi masiku awiri mnyamatayu sanatchulepo za thumba lija ngakhale kamodzi, ankangofunsa za mbendera. Zimenezo zandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Tsono nkhani ili apa. Ine sindiopa munthu, pamalire a Beitbridge asilikali amandipatsa moni. Koma sindilowa pakhomopo mpaka ndidziwe kuti mtima wanu watsika, chifukwa ndikuona amayi ambiri pamoto ndipo inu mukakalipa simusankha malo. Ndabisala bwinobwino, palibe wandiona. Mukakonzeka tumani Tamandani ndi yankho. Mukachedwa musadandaule, nyerere za pano ndagwirizana nazo.

Ndine mlongo wanu ngati mukundilolabe,
Yeremiya

Kuseri kwa pepala lomweli

Yeremiya,

Chigafa chilibe makoma. Takhala tikukuona chifikire, ine ndi Tamandani ndi amayi onse ophika thobwa, ukulemba pabondo ngati kalaliki wa fodya.

Elisha wanyamuka kale kupita kwawo. Mawu ako ndawamva, koma a Andireya sanawamve, ndipo mapepala ako awakwana. Ndamanga tambala woti utenge. Usambe, udye, unyamuke dzuwa lisanapendeke, ukawapepese pakhomo pawo ndi pakamwa pako, mawu ochepa. Akavomera, mawa uimirira kutsogolo kwa mwanayu monga nkhoswe yake.

Kukukalipira ndikukalipira Lolemba alendo atapita. Ndasunga zonse, palibe chitayike.

Tsono choka pamenepo, ulowe. Waonda.

Sabina